Kuteteza khungu ku dzuwa la chilimwe: malangizo kwa ogwira ntchito ndi oyenda panja ku Zomba

Okutobala akangolowa, dzuwa la ku Zomba silichedwa kuswa mtengo. Ambiri timaliopa chifukwa cha thukuta, ludzu ndi kufooka, koma chimene chimawononga khungu si kutenthako. Ndi cheza cha dzuwa chotchedwa UV, chimene maso sachiona ndipo thupi silichimva pamene chikulowa. Chilipo cha mitundu iwiri. UVB imawaula khungu pamwamba mpaka kutuluka matuza. UVA imalowa mkati, kubweretsa makwinya ndi mawanga akuda msanga. Mitundu yonse iwiri ingayambitse khansa ya pakhungu, ndipo kuwonongekako kumaunjikana chaka ndi chaka.

Khungu lakuda lili ndi chitetezo chake chachibadwa, n'zoona, ndipo silipsa msanga ngati la munthu woyera. Koma chitetezocho n'chosakwanira kwa munthu wokhala padzuwa tsiku lonse, komanso sichifika m'maso. Kwa abale athu achialubino, nkhaniyi ndi ya moyo ndi imfa. Ndondomeko yake ndi iyi: yambani ndi nthawi, kenako mthunzi, kenako chovala. Mafuta oteteza ku dzuwa amabwera pomaliza, kuti atseke malo amene nsalu yalephera kuphimba.

Choyamba: konzani ntchito motsata dzuwa

Zomba ili pafupifupi madigiri 15 kummwera kwa equator, mzere wa pakati pa dziko lapansi. Chifukwa cha ichi, dzuwa limadutsa pamutu penipeni kawiri pachaka, kumayambiriro kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Febuluwale. Ndiye musaganize kuti ngozi imatha mvula ikagwa. Kuyambira Seputembala mpaka Malichi cheza chimakhala champhamvu kwambiri, ndipo Januwale, mwezi wopalira ndi kubandira, ndi woopsa chimodzimodzi ndi Okutobala.

Chinanso, kuno dzuwa silidikira 12 koloko kuti lifike paliwombo. Mu Okutobala ndi Novembala limakhala litafika kale cha m'ma 11:25 m'mawa. Choncho maola ofunika kusamala kwambiri ndi kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana. Ngati mukulima, kuumba njerwa kapena kuthirira kudimba, lawirirani. Kuno kumacha isanakwane 5:30 m'miyezi imeneyi, ndiye munthu woyamba mbandakucha amakhala atagwira maola atatu kapena anayi dzuwa lisanakwiye. Ntchito yotsala muibwerere 3 koloko itadutsa. Zimene zingachitikire pamthunzi, monga kusankha mbewu, kusoka ukonde kapena kukonza njinga, muzisungire pakati pa tsiku.

Simufunika wotchi kuti mudziwe. Yang'anani chithunzithunzi chanu pansi. Chikakhala chachifupi kuposa msinkhu wanu, dzuwa likuwononga. Chikatalika kukuposani, mphamvu yake yatsika. Amene muli ndi foni ya intaneti, onani pa zanyengo nambala ya UV Index, yosonyeza mphamvu ya cheza. Ikafika 3 chitetezo chikufunika kale, kuyambira 8 ndi yokwera kwambiri, ndipo 11 kupita m'mwamba ndi yoopsa. Masana a chilimwe kuno nambalayi imafika 11 n'kupitirira.

Chachiwiri: dziwani malo amene amapusitsa

Kuphiri ndiye koyamba. Mukakwera ku Ku Chawe, kudamu la Mulunguzi kapena kukaima pa Emperor's View, kamphepo kozizira kamakuiwalitsani dzuwa. Komatu cheza chimawonjezeka ndi pafupifupi 10 peresenti pa mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera, chifukwa mpweya wochitchinga umachepa. Tauni ili pa mamita pafupifupi 900, pomwe nsonga ya Malumbe yapitirira mamita 2,000. Munthu amatsika madzulo asanatuluke thukuta n'komwe, usiku n'kumva mphuno ndi mapewa zikunyeka. Ogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu wokwera kuphiri ndi otsogolera alendo amakhala pa cheza chimenechi tsiku lililonse.

Kunyanja ya Chilwa vuto ndi lina. M'bwato lochoka pa Kachulu kupita ku Chisi mulibe pobisala, ndipo madzi amabweza cheza china kuchokera pansi. Mchenga wouma umabweza pafupifupi 15 peresenti. Cheza chobwererachi chimamenya pansi pa chibwano, pansi pa mphuno ndi m'maso, malo amene chipewa sichifikako. Zomwezo zimachitikira owokera mpunga m'masikimu a Likangala ndi Domasi, amene amawerama pamadzi maola ambiri khosi lili pamtunda.

Mitambo nayo si denga. Mitambo yopyapyala imalola mpaka 80 peresenti ya cheza kudutsa. Tsiku la mitambo m'dzinja valani monga mukanavalira kutacha bwino.

Posankha mthunzi, yang'anani kumwamba. Pansi pa mtengo wa mango wa masamba othithikana ndi pabwino. Pansi pa bulugama kapena mtengo woyoyoka masamba, pamene timadontho ta dzuwa tikuoneka pansi, chitetezo n'chochepa. Lamulo lake ndi lakuti mukamaona thambo lalikulu muli pamthunzipo, cheza chambiri chikukupezanibe kuchokera m'mbali. Ochita malonda panja ku Mpondabwino, ku Chinamwali kapena ku Songani, mangani chisakasa cha udzu wokhuthala kapena lona, ndipo masana mupachike chitenje kumbali imene dzuwa lapendekera.

Chachitatu: chovala

Apa ndi pofunika kukhalitsapo, chifukwa chovala sichisungunuka ndi thukuta ndipo simuchigula sabata iliyonse.

Mukapita pakaunjika, tengani malayawo muwatambasule moyang'anizana ndi dzuwa. Ngati kuwala kukudutsa mpaka kuona zala zanu kuseri, asiyeni. Sankhani nsalu yolukidwa mothinana. Mitundu yakuda kapena yowala kwambiri, monga yabuluu, yofiira ndi yobiriwira, imatchinga cheza kuposa yoyera ya nsalu yofanana. Ambiri amathamangira sikipa yoyera poti ndi yozizirira, koma sikipa yoyera yopyapyala imateteza pang'ono zedi, ndipo ikanyowa ndi thukuta kapena madzi chitetezocho chimatsikanso. Ichi n'chifukwa chake msodzi amapsa msana ngakhale anavala.

Malaya akhale a manja aatali, okhala ndi kolala yoti muimiritse kuti iphimbe khosi. Akhale otakasuka. Chovala chothina chimakokeka, timabowo ta nsalu n'kukula, komanso chimakupatsani tinsungu toyabwa ta thukuta. Malaya okulirapo ndi saizi imodzi amalola mphepo kuyenda mkati, ndiye kutentha kumene mukuopa sikukhala kwakukulu. Kumunsi valani buluku lalitali, siketi yaitali kapena chitenje chofika mu akakolo. Chitenje chatsopano chimatchinga bwino, koma chakale chimene chayamba kuonekera muchipinde pawiri. Musaiwale pamwamba pa mapazi: masilipasi amasiya malowa poyera, choncho nsapato zotseka n'zabwino.

A kabaza, manja anu amakhala pahandulo moyang'ana kumwamba tsiku lonse. Pezani magulovesi opepuka, ndipo kuseri kwa khosi mukulunge kansalu pansi pa helimeti. Oyendetsa minibasi, mkono wakumanja umene mumautsamiritsa pawindo ndiwo umada ndi kukhakhala kuposa unzake. Galasi la m'mbali limatchinga UVB koma UVA yambiri imadutsa, ndiye kutseka windo pakokha sikukwanira. Tsitsani dzanja la malaya.

Chipewa chikhale cha khonde lozungulira mutu wonse, lotambalala masentimita osachepera 7.5. Kepisi imaphimba mphumi basi, makutu ndi nkhongo zili padzuwa. Ngati kepisi ndiyo muli nayo, sokereranipo kansalu kumbuyo kuti kalendewere mpaka m'mapewa. Chipewa cha mlaza ndi chabwino ngati chalukidwa mothinana. Ngati chikuonetsa timabowo, sokerani nsalu mkati mwake. Duku limateteza pamutu, makamaka m'mipata ya tsitsi lomangidwa, koma nkhope imatsala, ndiye onjezani chipewa pamwamba kapena ambulera yakuda.

Maso nawo amapsa. Cheza chimafulumizitsa ng'ala, ndipo chimameretsa kamnofu kamene kamayambira m'mbali mwa diso n'kumakwawira pakati. Gulani magalasi olembedwa UV400, aakulu, okhota m'mbali. Kuda kwa galasi si umboni woti likuteteza. Galasi lakuda lopanda chitetezo limakulitsa mwanadiso, cheza n'kumalowa chambiri kuposa mukanakhala osavala kanthu.

Chachinayi: kugula mafuta oyenera

Vaseline, glycerine, mafuta a nsatsi ndi mafuta wamba odzola amafewetsa khungu koma satchinga cheza. Mafuta oteteza ku dzuwa amadziwika ndi zolembedwa pabotolo, ndipo muonepo zinthu zinayi.

Nambala ya SPF, yosonyeza mphamvu ya mafutawo potchinga cheza, ikhale 30 kapena kuposerapo. SPF 15 imatchinga pafupifupi 93 peresenti ya UVB, SPF 30 imatchinga 97, SPF 50 imatchinga 98. Kusiyana kwa 30 ndi 50 kukuoneka kochepa, koma poti pafupifupi aliyense amadzola mopereweza, nambala yokwera imathandiza kukwirira mpatawo. Kenako funani mawu akuti "broad spectrum" kapena chilembo cha UVA chozunguliridwa, chifukwa SPF payokha imanena za UVB basi. Ngati mumatuluka thukuta kwambiri kapena mumagwira ntchito m'madzi, funani mawu akuti "water resistant", podziwa kuti amatanthauza mphindi 40 kapena 80 zokha. Pomaliza onani tsiku lothera mphamvu.

Musagule botolo limene lakhala padzuwa pabenchi ya malonda, pakuti kutentha kumapha mankhwala ake. Kunyumba lisungeni pozizira, osati pawindo kapena m'galimoto yotsekedwa. Popita kumunda likulungeni m'chitenje n'kuliika pamthunzi. Mafuta akalekana, madzi paokha zolimba pazokha, kapena akasintha fungo, atayeni.

Mafuta okhala ndi zinc oxide kapena titanium dioxide sakonda kuyabwa, ndipo ndi abwino kwa ana ndi kwa a khungu losachedwa kutupa. Vuto lake amasiya mbuu pakhungu lakuda. Kumbuwako si chizindikiro cha vuto, koma ngati kukukupangitsani kudzola pang'ono, sankhani mtundu wina umene mungamadzole mokwanira. Botolo latsopano liyeseni kaye kuseri kwa khutu kapena mkati mwa mkono, mudikire tsiku limodzi muone ngati sipatuluka zidzolo.

Chachisanu: kadzoledwe

Apa ndi pamene ambiri amataya ndalama zawo. Munthu wamkulu amafunika supuni yaing'ono ya tiyi imodzi, ya mamililita 5, pa gawo lililonse la izi: nkhope pamodzi ndi khosi ndi makutu, mkono uliwonse, mwendo uliwonse, pachifuwa ndi pamimba, ndi kumsana. Onse pamodzi ndi masupuni 7, kapena mamililita 35. Mukadzola theka la mlingowu, musayembekezere chitetezo cha nambala yolembedwa pabotolo. Ngati mulibe supuni, finyirani mafuta mizere iwiri, pa chala cha mkombaphala ndi chapakati, kuchokera patsinde mpaka kunsonga. Amenewo ndi a nkhope ndi khosi.

Tawerengerani nokha. Botolo la mamililita 200 silikwana kudzola thupi lonse kasanu n'kamodzi. Koma mukavala malaya a manja aatali ndi buluku, potsala ndi nkhope, makutu, khosi ndi kuseri kwa manja, zomwe zimadya mamililita pafupifupi 7. Kudzola katatu patsiku, botolo lomwelo limakufikitsani masiku pafupifupi 10. N'chifukwa chake chovala chimabwera patsogolo.

Dzolani pakhungu louma, mphindi 20 musanatuluke. Dontheza-donthezani mafutawo pamphumi, m'masaya, pamphuno ndi pachibwano, kenako muwayale mofatsa. Musatikite mpaka onse atazimiririka ngati mmene timachitira ndi mafuta wamba, chifukwa akufunika kukhala pamwamba. Ngati mumadzola mafuta ofewetsa, yambani ndi amenewo, aume, kenako oteteza ku dzuwa, phaudala pomaliza. Malo oiwalika kawirikawiri ndi nsonga za makutu, kunkhongo, m'mphepete mwa tsitsi, padazi, pansi pa chibwano ndi mlomo wam'munsi. Pamilomo pakani mafuta a milomo olembedwa SPF 30. Pamphumi musafike pafupi kwambiri ndi nsidze, kuopa kuti thukuta lingawatsitsire m'maso.

Bwerezani pakatha maola awiri aliwonse, komanso mukangosamba, kusambira kapena kupukuta thukuta ndi nsalu. Kudzola kamodzi 6 koloko m'mawa n'kukhulupirira kuti mwatetezeka mpaka madzulo ndi kudzinamiza, poti pofika nthawi yoopsa ija mafuta amakhala atapita kalekale ndi thukuta. Pukutani kaye thukuta mosindikiza, osati mokhula, musanabwereze.

Ana

Mwana wosakwana miyezi 6 asakhale padzuwa, ndipo chitetezo chake ndi mthunzi ndi zovala, osati mafuta. Taonani mwana wobereka kumbuyo mayi ake akuwerama ndi khasu: mutu wapendekera chagada, nkhope yaloza kumwamba, timapazi tatuluka m'chitenje uku ndi uku. Mayi samuona, ndipo mwana ali mtulo sadandaula. Muvekeni kachipewa ka khonde komanga pachibwano ndi timasokosi, kapena mumugoneke pamthunzi pali womuyang'anira. Musamufunditse nsalu yokhuthala mutu wonse, chifukwa kutentha kumaunjikana mkatimo. Muyamwitseni pafupipafupi. Ana okulirapo adzoledwe monga akuluakulu, ndipo mpira wa masana ausunthire kumadzulo.

Anthu achialubino

Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'Malawi muno. Khungu lawo lilibe kapena lili ndi melanin yochepa kwambiri, chinthu chimene chimadetsa khungu ndi kuliteteza ku dzuwa, ndiye limapsa m'mphindi zochepa, ndipo khansa ya pakhungu imatenga ambiri akadali achinyamata. Zonse zanenedwa pamwambapa kwa iwo ndi za tsiku lililonse, chaka chonse, ngakhale m'nyengo yachisanu ya Juni ndi Julaye.

Mafuta akhale a SPF 50 kapena kuposerapo. Zipatala za boma zimawapereka ulere kwa anthu achialubino, koma nthawi zina amatha, choncho pitani kukatenga ena botolo lisanaume. Bungwe la anthu achialubino la APAM lingakulozereni kumene kukuchitikira kiliniki ya khungu m'dera lanu. Makolo, kambiranani ndi aphunzitsi aakulu kuti mwana aloledwe kuvala yunifolomu ya manja aatali, buluku ndi chipewa, kuti pa asembule aziima pamthunzi, komanso kuti asamapatsidwe ntchito zapanja masana. Pakhomo mugawireni ntchito za m'mawa kwambiri, za madzulo kapena za pakhonde.

Timawanga tokhakhala ngati tamamba, timene timamveka ndi chala kuposa kuoneka ndi maso, pamakutu, pamphumi, pamilomo kapena kuseri kwa manja, ndi chenjezo loyamba. Tikapezeka msanga, achipatala amatiwumitsa ndi mankhwala ozizira kwambiri m'mphindi zochepa. Tikalekereredwa, tina timasanduka khansa. Pimitsani khungu miyezi 6 iliyonse ngakhale musakumva kupweteka paliponse.

Zimene zimafooketsa khungu padzuwa

Mafuta oyeretsa khungu amachotsa chitetezo chimene munabadwa nacho. Ambiri amakhala ndi hydroquinone kapena mankhwala amphamvu monga clobetasol ndi betamethasone, amene amapyapyalitsa khungu mpaka timitsempha kuonekera. Khungu lotere likakumana ndi dzuwa, m'masaya ndi pamphumi pamada mawanga ovuta kuchotsa. Ngati mwawadzola nthawi yaitali, pitani kuchipatala akuthandizeni kusiya pang'onopang'ono, pakuti kusiya mwadzidzidzi kumatulutsa zidzolo. Madzi a mandimu pankhope nawonso asiyeni: akakumana ndi dzuwa amawaula khungu n'kusiya zipsera zakuda.

Mankhwala ena akumwa amapangitsa khungu kupsa msanga, monga doxycycline, Bactrim, ciprofloxacin ndi hydrochlorothiazide wa BP. Musasiye kumwa. Onjezani chitetezo, ndipo mukatuluka zidzolo uzani amene anakulemberani.

Palinso pellagra, matenda obwera thupi likasowa vitamini B3, makamaka kwa odalira nsima yokha popanda ndiwo zokwanira, omwa mowa kwambiri, ndi ena amene akumwa isoniazid wa TB. Khungu limada, kukhakhala ndi kusweka m'malo okhawo amene dzuwa limamenya: kuzungulira khosi ngati mkanda, kuseri kwa manja ndi pamwamba pa mapazi, mbali zonse ziwiri mofanana. Nthawi zambiri pamabweranso kutsegula m'mimba ndi kusokonezeka maganizo. Izi si zodzolera mafuta ayi. N'zofunika mankhwala a kuchipatala ndi zakudya monga mtedza, nyemba, matemba ndi nyama.

Mukapsa

Kupsa kumaonekera patapita maola angapo, ndipo kumafika pachimake tsiku lotsatira. Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka bwino, ndiye dalirani zizindikiro zina: kutentha mukakhudza, kuwawa malaya akakhula, kuthina, kenako kusupuka.

Chokani padzuwa. Thirani madzi ozizira kapena ikani nsalu yonyowa kwa mphindi 15, kangapo patsiku, koma ayezi asakhudze khungu. Khungu likadali lonyowa pang'ono pakani mafuta opepuka opanda fungo kapena aloe vera. Mankhwala otsukira mano, dzira, phulusa ndi sipiriti musaikepo. Ululu ukakula imwani Panado motsata mlingo wolembedwa. Imwani madzi ambiri, ndipo ngati mwafooka sungunulani Thanzi ORS m'lita imodzi ya madzi aukhondo. Matuza musawaboole ndipo khungu losupuka musalisende. Malo opsawo akhale ophimbidwa mpaka atapola.

Thamangirani kuchipatala ngati matuza ali pamalo aakulu kapena pankhope, ngati pali mafinya, kutentha thupi kapena kusanza, komanso ngati wapsayo ndi khanda. Munthu akayamba kubwebweta, kudzandira kapena kukomoka padzuwa, mugonekeni pamthunzi, mumasuleni zovala, mumuthire madzi thupi lonse uku mukumukupiza, ndipo mupeze thiransipoti nthawi yomweyo. Wokomoka musamumwetse kanthu.

Kudziyang'ana kamodzi pamwezi

Sankhani tsiku losaiwalika, monga loyamba la mwezi. Mukatha kusamba, imani powala ndi kalilole, ndipo wachibale akuonereni kumsana, kunkhongo ndi kuseri kwa makutu. Mukufuna chilonda chimene chatha milungu 4 osapola, chotupa chimene chikukula kapena kutuluka magazi, ndi banga limene likusintha mtundu, kukula kapena maonekedwe. Onaninso kuphazi, m'zikhatho ndi pansi pa zikhadabo, chifukwa kwa anthu akuda khansa ya melanoma imakonda kuyambira kumeneko ngakhale sikufika dzuwa. Chipsera chakale cha moto chikatseguka n'kukhala chilonda, nachonso n'chokaonetsa. M'diso, kachotupa koyera kapena kotuwa kamene kakukula pambali pa mwanadiso kafunika dokotala wa maso msanga, makamaka kwa amene ali ndi HIV.

Chimene mwapeza chijambuleni ndi foni mutaika kandalama kachitsulo pambali pake, kuti kukula kwake kudziwike poyerekeza ndi mwezi wotsatira. Yambirani pachipatala chaching'ono cha kwanuko mutatenga buku lanu la kuchipatala, ndipo ngati chilondacho sichikusintha mutamaliza mankhwala amene mwapatsidwa, bwererani mukapemphe kalata yokutumizani ku Zomba Central Hospital.